Kasensa ka SX9310 sikakuoneka pa Linux, dmesg ikungolemba -121

Funso: Achimwene, ndine mwana wasukulu ndimakhala ku Chitawira, ndikupanga project ya mpope wotsegula wokha munthu akayandikitsa dzanja osagwira. Ndagula kabodi ka SX9310 (sensa yozindikira thupi likayandikira) pa intaneti ndakalumikiza ku kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, ndalemba overlay ya device tree, compatible ndaika "semtech,sx9310", reg ndaika 0x50 ngati mmene zalembedwera pa pepala la wogulitsa. Pi ikayaka mu /sys/bus/iio/devices mulibe kanthu, dmesg (yoonetsa mauthenga a Linux) ikungolemba -121. Ndakhala ndikusintha resolution ya sensayi mu overlay sabata yonse koma zii. Kodi chip chinapsa?

Yankho: Mphwanga chip sichinapse, wapsa ndi 0x50 wakoyo. Ika 0x28. Linux imafuna adiresi ya I2C (njira ya mawaya awiri yomwe Pi imalankhulira ndi chip) ya ma bit 7, pomwe ogulitsa ena amalemba ya ma bit 8 ataphatikizamo kale bit yosonyeza kuwerenga kapena kulemba, ndiye 0x28 ukamukankhira kumanzere kamodzi amasanduka 0x50, iweyo wakopera wokankhidwayo. Kernel, mtima wa Linux, ikugogoda pakhomo la nyumba yopanda anthu, ndipo -121 pa Pi tanthauzo lake ndi lomwelo, yaitana palibe wayankha. Usinthenso dzina la node likhale proximity@28 lifanane ndi reg.

Sabata yonse ya resolution yaponyedwa mu mtsinje wa Mudi. Device tree si programu ayi, ndi kalata youza kernel kuti pa bodi pali chakuti, chili pa waya wakuti, chikudya magetsi akuti, chifukwa I2C siili ngati USB yoti chinthu chimadzitchula chokha ukachilowetsa. Kernel imakhulupirira zomwe walemba, ukanama nayonso imangotsatira bodza lakolo mpaka driver italephera. Resolution imayamba kugwira ntchito driver ikamaliza kulankhula ndi chip, iwe sunafike nkomwe pamenepo.

Nchifukwa chake ine ndimakakamira i2cdetect, kaprogramu koonetsa ma adiresi omwe akuyankha pa I2C, anyamata a pa shopu pano atopa nane koma ndilibe nazo ntchito. Usanalembe ngakhale mzere umodzi wa dts (fayilo ya device tree), ika i2c-tools, chotsa kaye overlay yakoyo, lemba i2cdetect -y 1 uone tebulo lomwe lituluke. Ukaona 28 ndiye kuti chip chili moyo, magetsi akufika, SDA ndi SCL (mawaya awiri a I2C aja) zili pamalo ake, vuto latsala ndi la zolemba zako basi. Ukaona UU pamalo pomwepo ndiye kuti driver yachigwira kale, ndi nkhani yabwino, anthu ambiri amathawa UU kumaganiza ndi error. Tebulo lonse likangodzaza timizere popanda nambala ndiye usakhudzenso kompyuta, tenga mita, yeza ngati VDD ndi SVDD zonse zili ndi magetsi chifukwa chip chimenechi chili ndi miyendo iwiri ya magetsi ndipo wachiwiriwo ndi wodyetsa mbali yolankhulana ndi Pi, anthu amaiwala umenewo. Kenako onanso kuti SDA ili pa pin 3 ndipo SCL pa pin 5, kutembenuza awiriwa ndaona kambirimbiri. Ndipo tebulo likamatuluka pang'onopang'ono ngati minibasi ya ku Limbe yodikira kudzaza, kapena nambala zikadzaza paliponse, pali waya wina wagwira pansi kapena solder yako yalumikiza miyendo iwiri. Timawaya ta jumper totchipa tija tambiri timaduka mkati pulasitiki ili bwinobwino, ndataya masana athunthu kangapo chifukwa cha kawaya kamodzi, pano kalikonse ndimakayeza kasanalowe pa bodi. Kulemba i2cdetect ndi masekondi khumi okha, osati sabata.

Ukangoona 28 usathamange, lembanso i2cget -y 1 0x28 0x42. Register imeneyo chip chimatchulamo dzina lake, 0x01 ndi SX9310, 0x02 ndi SX9311. Mabodi otchipa a pa intaneti zolembedwa pa paketi ndi zomwe zamatidwa mkati nthawi zina sizigwirizana, ndipo driver imafananiza nambala imeneyi ndi compatible yako, zikasiyana imakana. Ikatuluka 0x02 lemba "semtech,sx9311" nkhani yatha. Ikatuluka ina yachilendo mwina wagulitsidwa SX9324 kapena SX9360, zimenezo ndi za banja lomwelo la Semtech koma driver ndi ina, ma property ndi enanso, usakopere za 9310 kuika kumeneko.

Zina zotsalazo ndi zazing'ono. Lemba modinfo sx9310 uone ngati kernel yako ili nayo driver, ngati ilibe uyatse CONFIG_SX9310 nkumanganso. Mwendo wa NIRQ umagwera pansi chip chikaona kanthu, ndiye interrupt ikhale IRQ_TYPE_LEVEL_LOW ndipo pamafunika pull-up (resistor yokokera mwendowo ku magetsi), koma poyamba ungathe kungowerenga in_proximity0_raw pamanja uone ngati nambala ikusuntha ukayandikitsa dzanja. Ma property enawo monga semtech,combined-sensors ndi semtech,cs0-ground amatsatira mmene bodi inajambulidwira, ngati CS0 (umodzi mwa miyendo ya sensa) sinamangidwe pansi usalembe kuti inamangidwa chifukwa choti waziona mu chitsanzo cha munthu wina. Mndandanda wonse uli mu kernel momwemo, Documentation/devicetree/bindings/iio/proximity/semtech,sx9310.yaml, werenga imeneyo osati pepala la wogulitsa.

Koma ndikuuziretu, chip chimenechi chinapangidwira matabuleti ndi malaputopu, kuti chizidziwa thupi la munthu layandikira antenna ndiye makina achepetse mphamvu ya wailesi, za malire a SAR zija, muyeso wa mphamvu ya wailesi yolowa m'thupi, 1.6 W/kg ku America ndi 2 W/kg ku Ulaya. Iwe ukuchiika pa mpope, ndipo madzi sensa ya capacitance imawaona ngati dzanja lomwe. Dontho likakhala pa mbale ya sensa mpope udzangotseguka wokha usiku wonse, bilu ya madzi udzaiona. Mbale ikhale pouma kuseri kwa pulasitiki, kutali ndi payipi yachitsulo, waya wake ukhale waufupi, ndipo uyesenso nthawi ya mvula chifukwa chinyezi cha mu Januwale sichifanana ndi cha mu Okutobala. Tchaja ya pa msika ija usadyetsere Pi, phokoso lake limavinitsa manambala ndiye udzayamba kulimbana ndi semtech,avg-pos-strength pomwe wolakwa ndi tchaja.

Funso: Bwana, foni yanga chisinthireni sikirini ku Limbe, ndikamayankhula sikirini siizima, tsaya limadina mute kapena kudula foni. Mwana wanga akuti ndi sensa ya capacitive yofunika kuikonza mu software. Ndi zoona?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo wasakaniza zinthu ziwiri. Ya capacitive ija ntchito yake ndi ya mphamvu ya netiweki, yozimitsa sikirini pa mafoni ambiri ndi kadiso ka infrared kamene kali pamwamba pafupi ndi sipika ya kukhutu, mafoni ena amagwiritsa ntchito mawu osamveka m'khutu m'malo mwa kadisoko. Software musaikhudze, foni inali bwino isanatsegulidwe. Choyamba matulani protector, makamaka zakuda m'mphepete zija, zimaphimba kadisoko. Ngati ndi Samsung imbani *#0*# musankhe sensor, ikani dzanja pamwamba muone ngati ikusintha. Ikapanda kusintha ndiye kuti amene anasintha sikirini anataya karabala kakang'ono kamene kamakhala mozungulira kadisoko, kapena wakuikirani sikirini yotchipa yomwe kawindo kake sikali pamalo pake. Karabala kameneka amisiri othamanga amakasiya pa sikirini yakale nkukataya limodzi. Bwererani konko akakabwezeretse, ndipo asakulipiritseni kachiwiri.