Mumaimba gitala nokha kuchipinda, anzanu oimba nawo muwapeza kuti?

Pali achimwene ena andilembera imelo, dzina sinditchula poti sanandilole, koma nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Ali m'zaka za m'ma 40, ali pa ntchito, ali ndi banja, gitala anayamba kuphunzira atakula kale kudzera pa YouTube ndipo amaimba usiku ana akagona, chitseko chotseka. Akuti makhodi (magwiridwe a nsambo zingapo kuti zilire pamodzi) ambiri amawadziwa koma chiyambire sanaimbepo ndi munthu wina olo kamodzi. Ndiye akufunsa kuti, "anthu oti ndiziimba nawo ndiwapeza kuti, poti mabandi omwe ndimawaona ndi a anyamata ofuna kutchuka pomwe ine ndikungofuna kusangalala basi? Kapena ndidikire kaye ndikhwime, ndisakachite manyazi pagulu?"

Achimwene, ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi lomwe lakumangani miyendo. Musadikire. Kukhwima mukunenako sikubwera muli nokha kuchipinda olo mutakhalamo zaka zina khumi, chifukwa kuimba wekha ndi kuimba ndi anthu ndi maluso awiri osiyana. Mukakhala nokha mukaphonya khodi mumaima, n'kubwerera pang'ono, n'kuyambiranso, ndipo khutu lanu linazolowera moti simumva n'komwe kuti mwaima. Tayesani kudzijambula pa foni mukuimba nyimbo yomwe ili ndi F uja wogoneka chala pa nsambo zonse, kenako mumvetsere. Mupeza kuti nthawi zonse mukamachoka pa C kupita pa F pamakhala kampata, dzanja lamanja limadikira lamanzere kuti likhazikike kaye. Kampata kameneko muli nokha sikavuta, koma pakakhala wina akuimba mawu kapena akumenya ng'oma iyeyo sadikira, nyimbo imangopita inu n'kutsala. Ndiye chofunika kuphunzira ndi kulakwitsa osaima, khodi yaphonyeka koma dzanja lamanja likuyendabe, n'kukawapeza anzanu kutsogoloko ngati palibe chachitika. Zimenezi vidiyo singakuphunzitseni, poti vidiyo mumaiimitsa mukafuna.

Tsopano za kopeza anthu. Ine ndinganene kuti siyani kusaka bandi, sakani munthu mmodzi. Anthu akuluakulu asanu kuti onse apezeke tsiku limodzi ola limodzi ndi nkhani yovuta kwabasi, wina ali pa shifiti ya usiku, wina mwana wadwala, wina wangoiwala, kuwonjezera apo mufunika chipinda choti muzisokosamo, masipika, ng'oma, ndiye magulu ambiri otere amathera pa WhatsApp, mameseji 200 okambirana dzina la bandi koma osakumana olo tsiku limodzi. Pomwe anthu awiri mumangofunika mipando iwiri. Ndipo wachitatu amabwera yekha, chifukwa aliyense woimba amadziwa wina woimba.

Munthu mmodziyo ali pafupi kuposa momwe mukuganizira, vuto ndi loti nayenso watseka chitseko ngati inu. Kodi anzanu akuntchito akudziwa kuti mumaimba gitala? Ndikukaika. Yambani kuyankhula, mukafunsidwa kuti wikendi inali bwanji nenani kuti ndimalimbana ndi nyimbo yakutiyakuti pa gitala, mudzadabwa wina akuti aaa inenso ndinkaimba kiyibodi ndili kusekondale, ili pamwamba pa wodilopu. Ameneyo musamusiye, mufunseni pompo kuti Loweruka lino ali ndi chochita chanji. Kwina kosavuta ndi kwa aphunzitsi a nyimbo. Mphunzitsi wa gitala kapena piyano amakhala ndi ophunzira akuluakulu angapo ndipo amadziwa bwino kuti uyu ali pati uyu ali pati, ndiye olo mutangolipira maphunziro awiri atatu n'kumupempha kuti akulumikizeni ndi wina wa msinkhu wanu pa kaimbidwe, mwapindula kale. Anthu okonza zida zoimbira nawonso amadziwa aliyense.

Kwaya musaiderere, kaya ya kutchalitchi kaya ya anthu ongokonda kuimba. Ili ndi zinthu zomwe gulu loyambitsa nokha limasowa, tsiku la pulakatisi ndi lokhazikika kale, pali wotsogolera, nyimbo zambiri ndi za makhodi atatu kapena anayi, ndipo nthawi zambiri amasowa wowaimbira chida. Kuipa kwake muziimba zomwe gulu lasankha osati zomwe inu mumakonda. Koma miyezi ingapo muli kumbuyo kwa anthu 20 oimba mawu, omwe nthawi zina amathamanga pa kolasi n'kubwerera m'mbuyo pa vesi, khutu lanu lidzatseguka mosaneneka.

Mukafuna kulemba pa Facebook kapena m'magulupu a WhatsApp, chonde musalembe kuti "ndikufuna anthu oimba nawo" basi, meseji yotere imakoka aliyense, kuphatikizapo anyamata ofuna kutchuka aja. Lembani zonse poyera, mwachitsanzo: ndine wa zaka za m'ma 40, ndimaimba gitala yosalumikiza kumagetsi, ndikadali wophunzira koma nyimbo za makhodi anayi ndimazimaliza, ndimakonda reggae ndi country zakale, ndikufuna munthu mmodzi woimba mawu kapena chida chilichonse tizikumana Loweruka masana kawiri pamwezi, zongosangalala, za ndalama ayi. Muikepo kavidiyo ka masekondi 30 mukuimba, kolakwitsa komweko. Osaopa, kavidiyoko kamathamangitsa akatswiri omwe akanakutopetsani ndipo kamalimbitsa mtima munthu wamanyazi yemwe akuti eee, ngati awa akutha kudzionetsa ndiye inenso ndingathe. Ngati munthuyo simukumudziwa kumanani kaye poyera musanamuitanire kunyumba, izi ndiye zodziwikiratu.

Palinso ma open mic ndi ma jam, ndipo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa open mic mumalembetsa dzina n'kukwera nokha kuimba nyimbo ziwiri kapena zitatu, ubwino wake ndi anthu omwe mumacheza nawo mukatsika. Pa jam ndi pomwe anthu osadziwana amaimbira limodzi. Ulendo woyamba pitani opanda gitala, mukhale pakona muzionerera, ndani akutsogolera, munthu amalowa bwanji, ndi nyimbo ziti zikubwerezedwa, chifukwa jam iliyonse ili ndi malamulo ake osalembedwa. Ku Ireland anthu amakhala mozungulira tebulo m'mabala n'kumaimba nyimbo zachikhalidwe chawo zomwe onse anaziloweza pamtima, ndipo kulowerera nyimbo yomwe sukuidziwa n'kumangokhwatcha makhodi mokweza kumaonedwa ngati mwano. Oimba bluegrass (mtundu wina wa nyimbo za country) ku America amaima mozungulira, aliyense amapatsidwa mpata wa solo motsatana, ukakhala sukufuna umangopukusa mutu n'kudutsa kwa wina, palibe amakuseka. Malo ena amakhala ndi jam yapang'onopang'ono ya ophunzira, mukaimva imeneyo thamangirani.

Chinthu chimodzi chomwe chingakulowetseni pafupifupi mu jam iliyonse ya gitala ndi blues ya mabaa 12. Baa imodzi ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4 kamodzi. Mu kiyi ya A imayenda chonchi, mabaa anayi pa A, awiri pa D, awiri pa A, imodzi pa E, imodzi pa D, awiri omaliza pa A, n'kuyambiranso. Basi. Anthu oti sanaonanepo atha kuimba zimenezi mphindi khumi osayankhulana. Ndipo apa ndi pomwe ndikupempheni muphunzire kuganiza makhodi ngati manambala, njira yomwe oimba m'masitudiyo a mumzinda wa Nashville ku America akhala akugwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1950. Mu kiyi ya G, 1 ndi G, 4 ndi C, 5 ndi D, 6 ndi Em. Mu C, ndi C, F, G, Am. Mu D, ndi D, G, A, Bm. Phindu lake mudzaliona tsiku lomwe mayi woimba mawu adzati kiyi imeneyi yandikwerera tatsitsani pang'ono, inu nyimboyo munailoweza mu G yokha. Ngati m'mutu mwanu ili 1, 5, 6, 4 mumangosamuka, ngati ayi mumangoti kakasi anthu akukudikirani. Kapo, kachida kopanira nsambo zonse pamodzi pakhosi pa gitala, naye muziyenda naye m'thumba, mukamuika pa fureti (kagawo ka pakhosipo) yachiwiri n'kugwira ngati G zomwe zikumveka ndi A, wakupulumutsani. Ndipo mukadzakumana ndi wa lipenga kapena sakisofoni musadzakangane naye kuti akuphonya, zida zimenezo zimatchula manotsi mosiyana ndi gitala, C wa pa trumpet amamveka ngati B flat wanu ndipo C wa pa alto sax ndi E flat, ndiye mugwirizane kaye kuti kiyi mukutchulayo ndi ya ndani.

Zokonzekera sizambiri. Nyimbo zitatu zomwe mungaimbe kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaima, osati zidutswa za nyimbo 40 zomwe mumadziwa poyambira pokha (ili ndi tchimo la ophunzira pa YouTube pafupifupi onse). Muziziyeserera ndi metronomu (kachida kogunda biti mosasinthasintha), ma app aulere alipo mbwee, yambani pa mabiti 70 kapena 80 pa mphindi mpaka kampata ka pa F kaja katatha. Tchunani gitala ndi tyuna (kachida koonetsa ngati nsambo ili pa noti yoyenera) osati ndi khutu lokha, muyezo womwe anthu ambiri amatsata ndi A wa 440 Hz, chifukwa gitala itha kumveka bwino payokha koma yonse ili pansi pang'ono poyerekeza ndi kiyibodi ya mnzanu, ndiye mukaphatikiza zimamveka zowawasa osadziwa kuti vuto lili pati.

Pano ndinene zomwe oimba gitala sakonda kumva. A gitala ndinu ochuluka zedi. Pa jam iliyonse mupeza magitala asanu ndi limodzi, besi palibe. Ngati cholinga chanu chenicheni ndi kuimba ndi anthu osati kuonetsa solo, ganizirani zogwirako besi. Nsambo zake zinayi ndi E, A, D, G, chimodzimodzi nsambo zinayi zonenepa za gitala yanu kungoti zimalira pansi, ndiye manotsi mukuwadziwa kale, ndipo munthu woti amangogunda noti yoyamba ya khodi pa nthawi yake, osathamanga osachedwa, anthu amachita kumuimbira foni okha. Chimodzimodzi woti amatha kuimba mawu achiwiri pa kolasi.

Mukakumana koyamba musachulutse, ola limodzi ndi theka lakwana, nyimbo mugwirizane pasadakhale ndi kiyi yake yomwe, aliyense atumiziridwe kuti amvetsere yofanana. Imbani motsitsa kuposa momwe mukufunira. Ngati simukumumva mnzanu ndiye kuti mwakweza ndinu, ndipo ngati nonse muli pa gitala musakhwatche chimodzimodzi, wina akhwatche wina azitola nsambo imodziimodzi kapena aike kapo pamwamba kuti mawu asiyane. Mukadzafika pokhala ndi ng'oma za bandi ndi ma ampu (zokuzira mawu) m'kachipinda kakang'ono gulani zotseka m'makutu, sizamanyazi. A zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo 85 malire ake ndi maola 8, koma likafika 100 ndi mphindi 15 zokha, ndipo ng'oma zomenyedwa mwamphamvu pafupi zimafika pamenepo mosavuta. Khutu likayamba kulira lokha nthawi zina silisiyanso.

Mwina mukuganiza kuti bwanji osangoimba ndi anthu pa intaneti. Pa Zoom kapena pa kolo ya WhatsApp musavutike, sizitheka, mawu amachedwa kufika ndiye aliyense amadikira mnzake mpaka nyimbo imafa yokha. Mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti mnzanu akaima mamita 10 kuchoka pomwe muli mumamumva mochedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 30, ndipo kuchedwa kukapitirira pamenepo kusunga biti limodzi kumayamba kuvuta, pomwe pa Zoom ndi pa WhatsApp mawu amachedwa kuposa apo kutalitali. Alipo mapulogalamu opangidwira zimenezi ngati Jamulus, yomwe ndi yaulere, koma imafuna intaneti ya waya osati WiFi, mahedifoni, komanso anzanuwo asakhale kutali kwambiri. Chosavuta ndi kujambula mbali yanu n'kutumiza wina aikepo yake, pa app yojambulira nyimbo ya BandLab anthu amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Ndi zokoma ndithu koma sizikuphunzitsani kulakwitsa osaima kuja, poti mumajambula kambirimbiri mpaka zitakhala bwino.

Ngati mukufuna tsiku loti muziliyang'ana kutsogolo, pa 21 June pamakhala chikondwerero cha nyimbo chomwe chinayambira ku France mu 1982, Fête de la Musique, ndipo pano chimachitika m'mayiko oposa 100. Mfundo yake kuyambira pachiyambi inali yoti osaimba mwaukatswiri nawonso atuluke aimbe poyera kwaulere. Kaya kwanuko chimachitika kaya ayi, kukhala ndi deti yoti tidzaimbira anthu nyimbo zitatu, olo akhale apabanja panu okha, kumapangitsa anthu awiri kusiya kucheza n'kuyamba pulakatisi yeniyeni.

Chomaliza achimwene, munthu woyamba mwina simugwirizana naye, ndipo si kuti inu mwalephera. Wina amafuna muzikumana katatu pasabata, wina amangofuna solo mphindi zonse inu muzimugwirira makhodi, wina amabwera asanamvetsere nyimbo olo imodzi. Muyeseni kawiri katatu, zikakanika muuzeni mwaulemu kuti zofuna zathu zasiyana, n'kufunsa ngati akudziwa wina. Mukapeza woti mukamaliza nyimbo nonse mumaseka, musabalalike musanagwirizane tsiku lotsatira, ndipo likhale lokhazikika, Loweruka loyamba ndi lachitatu la mwezi mwachitsanzo, chifukwa zoti "tidzauzana" kwa anthu a ntchito ndi ana zimatha miyezi. Tsikulo likafika wina sanabwere, otsalanu imbanibe.