Mwana wanga sakusiyana ndi mabuku a nkhani zofufuza: ndimulande?

Funso lalero lachokera kwa mayi wina wa ku Linthipe m'boma la Dedza. Mwachidule akuti: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, ali mu Sitandade 6. Amalume ake anamubweretsera mabuku a Chingerezi a nkhani za ana ofufuza akuba ndi zinthu zosowa. Tsopano buku silichoka m'manja, ngakhale ali pamoto ndiwo zikupsa. Chikumukoka n'chiyani? Kodi sizimusokoneza pokonzekera mayeso a Sitandade 8? Ndimulande?"

Mayi, musamulande. Makolo ambiri amene amandilembera amadandaula kuti mwana wawo safuna n'komwe kutsegula buku, ndiye inu muli ndi mwayi umene anzanu akuusowa. Chofunika n'kuuwongolera basi.

Tiyambe ndi chimene chikumukoka. Nkhani yofufuza imayamba ndi funso: ndani watenga ndalama za kalabu, kapena mbuzi yatuluka bwanji m'khola lotseka? Funso likalowa m'mutu wa mwana wa zaka 8 mpaka 12, mtima sukhala pansi mpaka yankho lipezeke. Inu nomwe mukukumbukira madzulo a zilapi. Wina akati "nyumba yopanda khomo", palibe amene ankapita kukagona asanamve kuti ndi dzira, ndipo wopeza yekha yankho ankasangalala kuposa wochita kuuzidwa. Buku lofufuza ndi chilapi chotalika, cha masamba 100 kapena kuposa.

Kukoma kwake kwenikweni kuli pa chilungamo cha wolemba. Wolemba wabwino sabisa umboni. Amauika poyera, koma pakati pa zinthu zina kuti wowerenga mothamanga audumphe: matope pa nsapato za munthu amene akuti sanatuluke m'nyumba, galu amene sanauwe usiku wa kuba chifukwa wakubayo amamudziwa. Mwana amakhala pa mpikisano ndi wofufuza wa m'bukumo, kuti aone amene ayambe kutulukira. Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba nkhani zoterezi, analemba malamulo 10 oti alembi azitsata. Limodzi limati wolakwa akhale munthu amene watchulidwa kale koyambirira kwa nkhani, asangotulukira kumapeto. Lina limati yankho lisakhale la mizimu kapena matsenga. Mwana sawadziwa malamulowa, koma amamva mumtima kuti bukuli likumulemekeza, likumutenga ngati munthu woganiza.

Lamulo lachiwirilo ndimalikonda kwambiri ndikaganizira za kwathu kuno. M'midzi mwathu chinthu chikasowa kapena munthu akadwala mosadziwika bwino, chala chimafulumira kuloza gogo wokhala yekha kapena mwana wamasiye. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe timamva za agogo omenyedwa ndi kuthamangitsidwa pamudzi. M'kalasi namonso ndi chimodzimodzi: cholembera chikasowa, woyamba kuganiziridwa ndi uja wa yunifolomu yong'ambika. Ana a msinkhu wa mwana wanu zimenezi zimawapweteka kwambiri, chifukwa ndi nthawi imene ayamba kusiyanitsa chilungamo ndi kukondera, koma alibe mphamvu yolankhula. Ndiye amapeza buku limene munthu amene aliyense akumuloza chala amapezeka wosalakwa, chifukwa mwana mnzawo anadekha n'kufunsa kuti, "Wamuona ndani? Nthawi yanji? Umboni uli kuti?" Alexander McCall Smith analemba kabuku ka ana konena za mtsikana wa ku Botswana, Precious Ramotswe, amene akufufuza zakudya zosowa pasukulu pamene anzake agamula kale kuti wakuba ndi mnyamata wina wokonda zotsekemera. Mwana amene wawerenga nkhani zingapo zotere amazolowera kufunsa asanaweruze. Ine ndimaona kuti phindu limeneli limaposa ngakhale la mayeso.

Palinso china chimene ife akuluakulu sitichiganizira. Pakhomo mwana amauzidwa kuti akulu akamalankhula azikhala chete, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma m'mabukumu ndi ana amene amaona zimene akulu aphonya, chifukwa akulu ali otanganidwa ndiponso sayembekezera kuti mwana akumvetsera. Alembi anaitulukira kalekale njira imeneyi. Mu 1929 Erich Kästner wa ku Germany analemba za mnyamata wotchedwa Emil amene anaberedwa ndalama m'sitima, n'kutsata wakubayo mumzinda wa Berlin mothandizidwa ndi gulu la ana. Nancy Drew, mtsikana wofufuza wa ku America, anayamba kutuluka mu 1930, ndipo mabuku a Enid Blyton a gulu la ana lotchedwa Famous Five mu 1942. Kwa mtsikana wa zaka 11 wa ku Linthipe, kuwerenga za mtsikana mnzake amene nzeru zake zikumveredwa si chinthu chaching'ono.

Mantha nawo amakoma akakhala ndi malire. Mwana amalowa m'phanga lamdima ali khale pamphasa pafupi ndi amayi ake, akudziwa kuti pomaliza zonse zilongosoka. Mitu yake imakhala yaifupi, ndipo uliwonse umathera pamene mtima uli m'mwamba. N'chifukwa chake ndiwo zikupserera.

Tsopano za mayeso. Pa PSLCE, mayeso a Sitandade 8 aja, pepala la Chingerezi ndi la Chichewa limakhala ndi nkhani yoti mwana awerenge n'kuyankha mafunso. Ana ambiri amapeza mayankho amene alembedwa poyera, koma amagwa pa funso lofuna kulumikiza mfundo ziwiri, monga lakuti "n'chifukwa chiyani munthuyu anachita chotere?" Wowerenga nkhani zofufuza amachita zimenezi tsamba lililonse popanda womukakamiza. Amabwerera m'mbuyo kukaonanso zimene mlonda ananena pa tsamba 20, amasunga mayina ndi nthawi m'mutu, amakayikira mawu a munthu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha komweku n'kumene kumafunika pa masamu a mawu, pamene liwu limodzi lodumphidwa limasokoneza yankho lonse. Kumbukiraninso kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi. Mwana amene akuwerenga Chingerezi mwa kufuna kwake akudzimangira maziko a sayansi ndi maphunziro ena onse, mpaka ku sekondale.

Koma nkhawa yanu ili ndi pake. Buku lofufuza silingamuphunzitse kugawa manambala kapena mapu a Malawi. Mugwirizane naye nthawi: ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo ithe kaye, kenako buku. Likhale gawo la tsiku lake lodziwika, osati chinthu chowerenga mobisa m'bulangete ndi tochi ya foni. Mwana wolandidwa buku sasiya kuwerenga, amangophunzira kubisa.

Yang'aniraninso mabuku amene akufika m'manja mwake. Nkhani zofufuza zambiri zinalembedwera akuluakulu, ndipo muli kuphana ndi zina zosayenera msinkhu wake. Za ana zimakamba za zinthu zosowa, makalata achinsinsi ndi chuma chobisika, ndipo ofufuzawo amakhala ana. Ngati Chingerezi chimakuvutani, pemphani aphunzitsi ake ayang'ane bukulo. Kuti mudziwe ngati likumukwana, awerenge tsamba limodzi mokweza. Akapeza mawu oposa asanu osawadziwa, bukulo lidikire chaka chamawa. Ndinenenso kuti ena mwa mabuku akale a ku Ulaya amaonetsa alendo ndi anthu akuda monyoza. Akakumana ndi zotere mukambirane naye, adziwe kuti zolembedwa m'buku nazonso zimafunsidwa mafunso.

Kwa iwe mwana wanga, ngati amayi akuwerengera yankho ili: luso limene ukulikulitsali lili ndi ntchito zake. Dokotala amafufuza matenda kuchokera ku zizindikiro. Loya ndi woweruza amayeza umboni, mtolankhani amatsata nkhani mpaka gwero lake, wowerengera ndalama za boma amapeza pamene zasowera, makaniko amamvetsera injini. Apolisi ena amaphunzitsidwa konkuno ku Mtakataka, za malamulo zimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, za udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences. Njira zonsezi zimadutsa pa MSCE yabwino, ndiye masamu ndi sayansi usazitaye. Sindikunena kuti usankhe ntchito lero, ukadali ndi nthawi yambiri.

Mayi, chimene mungachite sabata ino sichifuna ndalama. Pamene mukusenda mbatata madzulo, mufunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa pamene nkhani yafika, akuganizira ndani, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Inunso nenani amene mukumuganizira, mutsutsane pang'ono. Kumasulira nkhani kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa kumaonetsa ngati waimvadi, ndipo azing'ono ake adzamvetsera nawo. Mabuku a amalume akatha, funsani kusukulu ngati kuli laibulale kapena bokosi la mabuku, funsaninso ku TDC, malo amene aphunzitsi a dera lanu amakumana ndi kuchitira maphunziro. Wopita ku Lilongwe angathe kufunsa ku National Library Service, ndipo ana angapo akhoza kumasinthana mabuku amene ali nawo.

Akadzafika posowa chowerenga, mugulireni kope la masamba 40 alembe yake. Poti ambiri mwa mabuku amenewa amakamba za malo akutali, iye alembe za konkuno. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mapanga amenewo ndi pobisalira pabwino m'nkhani. Akhozanso kulemba za thumba la mbatata losowa pa msika wa Lizulu tsiku la msika. Muuzeni ayambe wasankha wolakwa ndi chifukwa chake, kenako amwaze zizindikiro zitatu m'nkhanimo, n'kuwawerengera anzake aone ngati atulukire asanafike kumapeto.