Wilo, mapu ndi makope a bambo anga

Imelo ya mayi wina yatha masabata awiri mu foni yanga osayankhidwa. Mayiwa ndi namwino kuno ku Scotland, ndipo akufuna kusiya kandalama mu wilo kuti kapite ku kabungwe ka geography ka ku Perth, Royal Scottish Geographical Society, pamodzi ndi kalata ya zomwe amakumbukira. Ana awo akuti, "Amayi, kumudzi anthu akugona ndi njala, inu ndalama mukapatse azungu a mapu?" Ndiye akufunsa ngati akulakwa.

Achemwali, pepani kuchedwa. Mwandikanda pachilonda chomwe ndinkati chinapola.

Bambo anga anali mphunzitsi wa geography ku Chiradzulu. Munthu wake anali woti mukamatsika naye kudimba, ulendo wa mphindi khumi umatha ola lathunthu, chifukwa pa chulu chilichonse ankaima n'kufunsa kuti madzi a mvula akagwa apa amalowera kuti. Loweruka ankapalasa njinga kupita kwa nkhalamba za m'midzi, kope m'thumba la malaya, kukafunsa maina a timitsinje ndi timapiri tomwe pa mapu a boma tinalibe dzina. Ankalembanso pomwe panadutsa malire a esiteti, pomwe agogo athu ankagwira thangata. Makopewo anadzaza katoni. Amayi ankati ndi akazi awo achiwiri.

Za wilo sankafuna n'komwe kuzimva. "Kumeneko n'kudziitanira imfa," ankatero, munthu wophunzira ndithu, wodziwa kufotokoza kadamsana. Imfayo inabwera osaitanidwa. Tisanamete n'komwe, abale akuchimuna anali atagawana kale njinga, wailesi, makina osokera a amayi ndi malata omwe tinkasungira nyumba yatsopano. Nthawi imeneyo lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye kunalibe, ndipo ngakhale likanakhalapo sindikhulupirira kuti amayi akanalimba mtima kusumira alamu awo. Katoni ya makope ija palibe anailimbirana. Anaiponya kukhitchini, chiswe n'kuyamba ntchito yake.

Patatha miyezi ndinagula zitumbuwa ziwiri pamsika, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'pepala. Ndikutsegula, ndinaona zilembo zopendekeka za bambo, inki yabuluu, ndi kamzere kokhotakhota kolembedwa Namadzi, pali timivi tosonyeza komwe timifuleni timathira. Mafuta anali atanyowetsa pepalalo mpaka kumaonekera mbali inayo. Ana a pakhomo ankang'amba makopewo n'kumasinthitsa ndi zitumbuwa. Njala inandithera pomwepo. Za malata ndinakhululuka kalekale, koma za katoni ija mtima umawawabe.

Choncho ana anu akamati mapu sadyedwa, ndikuwamva, koma sindikugwirizana nawo. Inu achemwali mwatumiza ndalama kumudzi zaka zingati? Fizi, feteleza, mabokosi a maliro, zonsezo mwachita muli moyo. Ife tili ndi chizolowezi choti munthu wa kunja akhale ng'ombe yokamidwa mpaka m'manda, ndipo akafuna kanthu kamodzi ka kumtima kwake timati wayiwala kwawo. Ayi. Chomwe mwakhetsera thukuta usiku m'mawodi muli ndi ufulu wolozako komwe mukufuna.

Komabe sindingakuuzeni kuti perekani mutatsinzina. Kabungwe kameneka kali ndi ulusi wofika kwathu kwenikweni. Kanayamba mu 1884 ku Edinburgh, ndipo mwa okayambitsa munali John George Bartholomew, wa banja lodziwika ndi kusindikiza mapu, ndi Agnes Livingstone Bruce, mwana wamkazi wa David Livingstone. Agnes yemweyo ndi amene anakhazikitsa mendulo ya Livingstone, yomwe woyamba kuilandira mu 1901 anali Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la Atsamunda m'dziko lathu. Mwamuna wake, Alexander Low Bruce, anali mkulu pa kampani yofulula mowa ku Edinburgh, ndipo dzina lake ndi lomwe lili pa A. L. Bruce Estates, eni minda ya ku Magomero. Kumeneko n'komwe thangata linafika poipa, ndipo mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone. Malire omwe bambo ankalemba m'makope aja anali a minda yomweyi.

Nditazindikira zimenezi ndinakwiya kwa masiku angapo. Kenako ndinapita ku Perth, ku Fair Maid's House, kanyumba kakale ka miyala komwe bungweli limalandirira alendo, ndipo ondionetsa mapu anali okalamba ongodzipereka, osalandira malipiro. Ndikanawalalatira chiyani? Iwo si amene anakwapula agogo anga. Chomwe ndinaona n'chakuti anthuwa amadziwa kusunga pepala. Mapu a zaka zoposa 100 ali m'madirowa, osalala, opanda chiswe. Ife tinakulungira zitumbuwa athu.

Apa ndi pomwe maganizo anga aumira, ndipo amene akufuna kunditukwana anditukwane. Kalata ija mukuiona ngati yongoperekeza ndalama, kwa ine ndiye mphatso yeniyeni. Mbiri ya malo athu inalembedwa ndi alendo. Livingstone anafika kunyanja mu 1859, n'kumva anthu akuti nyasa, lomwe m'Chiyao ndi nyanja basi, ndipo dziko lonse linakhala likutchula Nyanja ya Nyanja kwa zaka zambirimbiri. Mzinda wathu wa malonda uli ndi dzina la kamudzi ka kuno komwe iye anabadwira. Ndiye musalembe kuti zikomo, ndinkasangalala ndi misonkhano yanu. Lembani mtsinje womwe munkachapako, dzina lomwe agogo ankautchula, mwezi womwe unkaphwa kale ndi mwezi womwe ukuphwa lero. Lembani njira ya kusukulu, pomwe panali nkhalango ndi chaka chomwe inasanduka makala. Ngati kwanu kunali thangata, lilembeni, dzina la esiteti osalibisa. Lembani m'Chichewa, Chingerezi chibwere pambuyo ngati womasulira. Ndipo ana anuwo apatseni kope lawo, chifukwa ndikukayika ngati amadziwa phiri lomwe limaoneka mukaima pakhonde la agogo awo.

(Mwana wanga yemwe, wobadwira kuno, anandifunsa ngati Mulanje ndi dzina la munthu. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Za malamulo, mwachidule

Pitani kwa loya wa kuno, popeza malamulo a Scotland ndi osiyana ndi a ku England. Kuno ana simungawamane kotheratu: pa chuma chosakhala nyumba kapena malo, monga ndalama za kubanki, ali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ngati amuna anu ali moyo, kapena theka ngati palibe, kaya wilo inene zotani. Auzeni zimenezi, mwina mitima itsika. Mutha kutchula ndalama yeniyeni kapena peresenti ya zotsala ngongole ndi magawo a ana zikachoka. Ine ndingasankhe peresenti, chifukwa mapaundi 500 a lero sadzakhala omwewo zaka 20 zikubwerazi. Mu wilo mulembedwe dzina lonse la bungwe ndi nambala yake ya m'kaundula wa OSCR, ofesi yoyang'anira mabungwe othandiza anthu kuno ku Scotland. Mphatso yopita ku bungwe lotere saidula msonkho wa chuma cha masiye, koma msonkhowo umayambira pa chuma choposa mapaundi 325,000, ndiye ambirife sutikhudza. Nyumba kapena munda wa ku Malawi mutchulireni loyayo, mwina pafunika wilo ina ya kumeneko. Za kalata, afunseni a bungwewo muli moyo ngati adzaisunge komanso motani.

Ndipo khalani nawo pansi anawo panopa, asadzamve kwa loya maso ali ofiira. Ine wilo yanga ndinalemba chaka chatha, dzanja likunjenjemera ngati bambo akundiona. Pepala la Namadzi lija lili mu envulopu yomweyo. Banga la mafuta linafufuta dzina la kamfuleni kachitatu, latsala "Chi" yekha, ndipo nkhalamba zonse zomwe zikanandimalizira dzinalo zinapita.