Kodi Agiriki akale ankanyoza alendo onse?

Mwafunsa ngati ndakatulo za anthu wamba ku Byzantium, ufumu wa anthu olankhula Chigiriki umene likulu lake linali Constantinople, zinkanyoza alendo onse. Ayi, achimwene. Taonani Digenis Akritas, ndakatulo yonena za ngwazi ya dzina lomwelo. Dzina loti Digenis limatanthauza "wa mitundu iwiri": bambo ake anali mtsogoleri wa Aluya amene anaba mtsikana wa banja lotchuka la ku Byzantium la Doukas, kenako anabatizidwa n'kumukwatira. Ndakatuloyo imamutama bamboyo kuti anali wokongola komanso wolimba mtima. Cholekanitsa anthu chinali chipembedzo, osati magazi.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi Chronicle of the Morea, ndakatulo ya m'ma 1300 yosimba mbiri ya dera la Morea, kumwera kwa Greece. Inalembedwa m'Chigiriki chaponseponse, koma ili kumbali ya Afulanki, ankhondo ochokera kumadzulo kwa Ulaya amene analanda Constantinople mu 1204, ndipo imati Agiriki sasunga lumbiro. Apa obwera ndiwo akunyoza eni nthaka m'chinenero chawo chomwe.