Yankho kwa amalume pa za chinyumba cha masewera cha ku Kigali

Amalume, mwaswera bwanji ku Ulónguè? Ndaumva uthenga wanu. Mukufunsa za chinyumba chija ana anakuonetsani pa foni, anthu akusewera basikete mkati, kuti kodi ndi stediyamu kapena ndi holo chabe. Ndingoyankha ndi pakamwa, kulemba kungatalike.

Imene ija ndi BK Arena, ili ku Kigali, likulu la Rwanda. Anaitsegula mu 2019 ikutchedwa Kigali Arena, ndiye mu 2022 Bank of Kigali inalipira ndalama kuti nyumbayo itenge dzina la bankiyo. Mumalowa anthu 10,000, aliyense pampando wake, denga pamwamba, mvula kaya dzuwa alibe nazo ntchito. Mpira wamiyendo ayi, umenewo amakasewera chapafupi pomwepo pa stediyamu ya Amahoro.

Koma chimene ndikufuna mumve, amalume, ndi pansi pake. Nyumba zoterezi bwalo lake ndi matabwa osalala, olumikiza zidutswazidutswa. Masewera akatha, anyamata a ntchito amazula matabwa aja, kuwasanja pambali, n'kuimika nsanja ya oimba pomwepo. Lero basikete, mawa oimba, mkuja msonkhano. Nyumba siigona, ndiye ndalama ya magetsi ndi ya alonda imatuluka momwemo.

Ndipotu athu anapondamo! Mu 2021, pamene mpikisano wa Basketball Africa League unkayamba kumene, masewera onse anachitikira mmenemo, ndipo timu ya kwathu ku Mozambique, Ferroviário de Maputo, inalipo. Chikho chinapita kwa Zamalek ya ku Egypt, koma anyamata athu anadutsa gawo la magulu.

Tsono apa m'pamene pamandiwawa ine. Ana amene ndimaphunzitsa kuno ku Tete amasewera pa simenti. Okutobala uno dzuwa likupitirira madigiri 40, simenti imachita kuotcha kudutsa nsapato, mwana akagwa bondo lonse lasupuka. Timayamba mbandakucha, ikamati 8 koloko tabalalika. Kwanuko mvula ikangoyamba, basi, masewera aima mpaka Epulo. Ine sindikulira ya anthu 10,000 ayi. Denga la malata, magetsi, ndi pansi poti mwana agwe n'kudzuka, zomwezo zatikwanira.

Mdzukulu wanu wamtali uja mumuuze asaleke kuponya. Sukulu akatsekera mumukweze chapa, minibasi ija, abwere kuno adzayesane ndi anzake, pogona alipo. Moni kwa azakhali.