Petulo akununkha mu pikapu koma pansi mpouma: muyambire pati?

Bambo wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, wanditumizira imelo. Ali ndi Mazda B1800 yakale, zija zinkalumikizidwa konkuno ku Willowvale, ndipo amanyamulira matimati ndi kabichi kuchokera ku Mbare Musika. Akuti kwa miyezi ingapo tsopano petulo akumanunkha kutsogolo kokhala anthu, makamaka akamwetsa thanki yodzaza, ndiponso madzulo akangoimika galimoto pakhomo. Pansi sipadontha kanthu. Makaniko wina anasintha mapulagi n'kukonza kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, koma fungo likadalipo. Funso lawo: kodi ndi petulo wosakaniza ndi ethanol uja, mafuta opangidwa kuchokera ku nzimbe, akuchititsa zimenezi, ndipo angapitirize kuyendetsa?

Achimwene, funso lachiwirilo ndiliyankhe msanga. Musayende nayo ulendo wautali, ndipo ana asakweremo mpaka mutapeza pamene pakutuluka fungolo. Mpweya wa petulo ngolemera kuposa mpweya wamba, umatsika n'kukhazikika pansi pa galimoto kapena m'galaja yotseka, ndipo umayaka ngakhale kunja kukuzizira bwanji. Kathetheya kamodzi ka pa waya wa pulagi wong'ambika nkokwanira. Pansi kuuma sikutanthauza kuti palibe podontha. Petulo amauma mofulumira, akagwera pa injini yotentha safika n'komwe pa dothi.

Tsopano za kufufuza. Anthu ambiri amatsegula boneti n'kuyamba kununkhiza paliponse, kenako n'kugula kabuleta ina. Ine ndimayamba ndi kufunsa kuti fungo likubwera nthawi iti, chifukwa nthawiyo ndi imene imaloza malo. Inu mwatchula nthawi ziwiri, ndipo ndikuganiza kuti mavuto anunso ndi awiri osiyana.

Fungo lobwera thanki ikadzaza limachokera pamwamba pa thankiyo, osati ku injini. Petulo akakhala theka safika kumeneko. Malo ake ndi awa: paipi yaikulu ya labala yolumikiza pothirira petulo ndi thanki, kapaipi kakang'ono kotulutsa mpweya kamene kamayenda m'mbali mwake, labala ya pa chivundikiro chotsekera, ndi gasiketi ya pamene pamalowa kachipangizo koyeza kuchuluka kwa petulo. Pa pikapu zonsezi zimabisala pansi pa bodi ya kumbuyo, pomwe matope a dzinja amakhazikika osachoka. Matopewo amasunga chinyezi, ndipo dzimbiri limaboola timabowo tonga ta singano pamwamba pa thanki, pamene diso silifika. Inu muli ndi china chowonjezera: madzi a matimati ophwanyika ndi otsukira bodi amatsikira komweko tsiku ndi tsiku.

Kayezedwe kake nkosavuta. Dzazani thanki, imikani galimoto panja pamalo opita mphepo, dikirani injini izizire, kenako lowani pansi ndi tochi ya batire ndi kagalasi kakang'ono koonera pamwamba pa thanki. Fodya, machesi, kandulo, mbaula, zonsezo zikhale kutali. Musafunefune madontho. Funani malo amene fumbi lada n'kumata, kapena mzere woyera pamene petulo anatsuka litsiro potsika. Pakakhala pokayikitsa pukutanipo, muwazepo ufa pang'ono kapena choko chopera, ndipo pakapita kanthawi pamene pakuchucha padzaoneka ponyowa. Paipi iliyonse ya labala muifinye ndi zala. Ikakhala youma gwa, yong'ambikang'ambika, kapena yofewa n'kukusiyirani zakuda m'manja, ntchito yake inatha. Muyang'anitsitse kumapeto kwake, pamene clamp, kachitsulo komangira paipi, imaluma, chifukwa mpamene imayambira kung'ambika.

Sabata yotsatira yesani kumwetsa theka lokha. Fungo lija lobwera thanki ikadzaza likatha, mwatsimikiza kuti vuto lili pamwamba pa thanki. Komanso muwauze anyamata a pomwetsera mafuta kuti pampu ikadzidula yokha asamapitirize kukankhira petulo mpaka pakamwa. Petulo amatupa akatentha, ndipo wowonjezerayo amakathera m'kapaipi ka mpweya kaja.

Fungo la madzulo ndi nkhani ina. Mukazimitsa injini, fani imaima, mphepo imaleka kulowa, ndipo kutentha konse kumakwera n'kuphika kabuleta. Petulo wa m'kambale ka kabuleta amayamba kuwira n'kutuluka ngati nthunzi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye zamadzimadzi zimawira msanga kuno kusiyana ndi ku Beira, ndipo mu October ndi November zimanyanya. Kafungo pang'ono kwa mphindi zochepa pa galimoto ya kabuleta nkozolowereka. Koma lofika polowa m'nyumba si lachibadwa. Vulani chivundikiro cha air cleaner, chosefera mpweya wolowa mu kabuleta, injini itangozima, muyang'ane m'khosi mwa kabuleta. Mukaona petulo akudonthera mkati, ndiye kuti kasingano kotseka petulo sikakutseka bwino kapena float, kachipangizo koyandama kamene kamakankha kasinganoko, yakhala pamwamba kwambiri. Zizindikiro zake zina ndi kuvuta kulira injini ikatentha, utsi wakuda ku ekizozi ndi mapulagi odzaza mwaye. Ngati makaniko wanu anangopotoza tizitsulo ta kunja osatsegula kabuletayo, vutolo sanalikhudze.

Pali malo amodzi amene ndikufuna muwaone lero lomwe, ndipo sipafunika sipanala. Sololani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, mununkhize oyilo. Injini zambiri za nthawi imeneyo zili ndi pampu ya petulo yomangidwa pa injini penipeni, ndipo mkati mwake muli labala yopyapyala yotchedwa diaphragm. Ikang'ambika, petulo amatuluka pa kabowo ka pansi pa pampu, kapena amalowa mu oyilo mwakachetechete. Oyilo akamanunkha petulo, akapyapyala ngati madzi, kapena akamakwera pa dipstick inu musanathiremo wina, imikani galimoto. Oyilo wotere sateteza zitsulo za mkati, ndipo mtengo wa pampu ngochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso injini. Mukasintha pampu musinthenso oyilo ndi filter yake nthawi yomweyo.

Nanga ethanol? Kusakaniza kokakamiza kunayamba mu 2013, ndipo mlingo wake umakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo ya nzimbe, kufika mpaka 20 pa 100 alionse. Amalengeza ndi a ZERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo ethanol wambiri amachokera ku Chisumbanje. Nzoona kuti ethanol amaumitsa kapena kufewetsa mitundu ina ya labala yakale, amakoka chinyezi chimene chimadyetsa thanki dzimbiri, ndipo amachititsa petulo kusanduka nthunzi msanga. Koma ine sindigwirizana ndi amene amamuloza chala pa chilichonse. Ku Triangle, konkuno ku Zimbabwe, anayamba kupanga ethanol wa m'galimoto mu 1980, ndipo kumudzi kwathu, ku Dwangwa, mu 1982. Magalimoto a m'badwo wa yanuyi anamumwapo kale. Chimene chasintha nchakuti labala yake yakalamba zaka makumi atatu, ndipo ethanol wangofulumizitsa imfa yake.

Pokagula mapaipi atsopano, kaya ndi mu Kaguvi Street kaya ku Gazaland, werengani zolembedwa pa paipiyo. Ya petulo imalembedwa SAE J30. Ya mtundu wa R7 imakwanira pa kabuleta, koma ya R9 ili ndi mkati molimba ku ethanol, ndipo ngakhale ili yodulirapo, ndi imene ndingaike pa galimoto yanga. Paipi yosalembedwa kanthu, kapena ija yoonekera mkati ya pulasitiki, isiyeni. Sinthani onse a labala kamodzi, kuyambira ku thanki mpaka ku kabuleta, pamodzi ndi ma clamp ake. Waya wopota si clamp.

Musanalowe pansi pa galimoto, pendeketsani mpando muone kuseri kwake. Masiku a mizere ya mafuta aja anatiphunzitsa kuyenda ndi chigubu ndi kapaipi kopopera, ndipo nsanza imodzi yonyowa petulo imanunkhitsa galimoto kwa milungu. Muonenso labala ya pa giya ndi timabowo ta pakhoma la pakati pa injini ndi mapazi anu, pomwe pamadutsa mawaya. Zikang'ambika, fungo lililonse la ku injini limalowa molunjika.

Mukapeza kuti thanki yabooka, musalole wina aliyense kuiwotcherera pomwepo, ngakhale atalumbira kuti waikhuthula yonse. Thanki yopanda petulo ndiyo imaphulika, chifukwa imakhala yodzaza nthunzi. Sopo wopaka pabowo ngongokufikitsani kunyumba basi. Itsitseni muipititse kwa okonza ma radiator ndi mathanki amene amayamba aitsuka bwinobwino, kapena funani ina kwa ophwasula magalimoto, muiyang'ane pamwamba ndi mkati ndi tochi musanalipire.