Achemwali, za tiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi aja

Achemwali, mwaswera bwanji? Voice yanu ndaimva, zithunzi za katoni ya tiyi ndi botolo la makapisozi ndazionanso. Ndiyankhire pagulu pompano chifukwa alamu a ku Chinamwali nawonso alemba kuti akudikira yankho. Ndangoweruka kumene, ndiye mukamva phokoso ndi makondakitala a pa depoti, musadabwe.

Mwafunsa ziwiri. Kodi zimenezi zimachepetsadi thupi, poti ukwati wa mwana wathu ndi Disembala pomwepa? Nanga mungamwe pamodzi ndi mankhwala anu a BP? Chachiwiricho ndiyankhiretu: ayi, musamwe, ngakhale kapisozi mmodzi woyesera. Tsopano ndifotokoze, chifukwa ndimakudziwani, mukangomva "ayi" wopanda chifukwa mumakamwa mobisa.

Tiyambe ndi tiyiyo. Kuzani chithunzi chomwe mwatumiza, kumbuyo kwa katoni pamzere wa zomwe aikamo, muona palembedwa senna. Ameneyu kuchipatala timamudziwa bwino, ndi mankhwala otsegula m'mimba, timapatsa munthu wodzimbidwa kwa masiku ochepa basi. Ntchito yake amagwirira m'matumbo aakulu, kumapeto kwenikweni. Pamene chakudya chikufika kumeneko, mafuta ndi shuga zalowa kale m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Ndiye chomwe muzithamangira nacho kuchimbudzi m'bandakucha ndi madzi ndi zotsalira. Mukakwera pa sikelo muona mwatsika kilo imodzi kapena awiri, mimba yaphwa, musangalala. Mukasiya tiyiyo, madzi abwerera, sikelo ibwerera pomwe inali. Ogulitsawo akuuzani kuti mwasiyira panjira, gulani katoni ina.

Pa katoni alembapo makilo 10 pa masabata awiri. Tiwerengetse limodzi. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calories (muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700. Mayi wamkulu ngati inu amagwiritsa ntchito pafupifupi 2,000 patsiku. Makilo 10 ndi 77,000. Mutati musadye kalikonse masiku 14 onsewo, kungomwa madzi, thupi ligwiritsa ntchito 28,000 okha. Mwaona? Ngakhale wosala kudya kuphiri sangafike pamenepo, ndiye kathumba ka tiyi katha bwanji?

Tsono kwa inu nkhani si ndalama yokha. Kapiritsi kakang'ono kamene mumamwa m'mawa, kamene mumati kokodzetsa kaja, ndi HCTZ. Kamachotsa madzi m'thupi, komanso pochotsapo kamatenga mchere wina wotchedwa potaziyamu. Senna nayenso amataya potaziyamu yemweyo potsegula m'mimba. Mtima kuti ugunde mwadongosolo umadalira mchere umenewu. Ukachepa, munthu amafooka, miyendo imakokana, mtima umayamba kudumphadumpha. Muonjezerepo kutentha kwa mu Okutobala muno, thukuta tsiku lonse. Impso zimavutika madzi akachepa chonchi. Ndi chifukwa chake ndikukana mosanyengerera.

Makapisoziwo ndiye andiopsa kuposa tiyi. Alembapo Garcinia cambogia ndi green tea extract. Garcinia ndi chipatso cha ku India ndi maiko oyandikana nako, ndipo chayesedwa kambiri. Mu 2011 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, napeza kuti kusiyana pakati pa omwa Garcinia ndi omwa makapisozi opanda kanthu sikunafike ngakhale kilo imodzi. Mu 2020 a ku University of Sydney anaunikanso kafukufuku 54, anthu oposa 4,000, mankhwala azitsamba osiyanasiyana ochepetsa thupi. Sanapeze umboni wokwanira woti n'kuuza munthu kuti imwa awa uonda. Mankhwala ochepa anaonetsa kakusintha, koma kochepa moti dokotala sangakawerengere.

Ndiye mundifunsa kuti, nanga mayi uja wa kukwaya waonda bwanji, poti mwamuona ndi maso anu? Pali njira ziwiri. Yoyamba, funsani malangizo omwe amapereka pogulitsa. Amati musadye usiku, chepetsani nsima, siyani zoziziritsa kukhosi, imwani madzi ambiri, yendani. Eee, munthu wochita zonsezo aonda ndithu, botolo lilipo kapena palibe. Ulemu ukupita kwa kapisozi pomwe ntchito wagwira ndi mwini wake.

Njira yachiwiri ndi imene imandisowetsa mtendere. Mabotolo ambiri otere akawatengera ku labu, amapezamo mankhwala achizungu omwe sanalembedwe pa chikuto. Amene amapezeka kawirikawiri ndi sibutramine. Ameneyu anali mankhwala enieni ochepetsa thupi, olembedwa ndi dokotala, koma mu 2010 anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America atapezeka kuti akuonjezera matenda a mtima ndi sitiroko kwa anthu omwe anali kale pachiopsezo. Amakweza BP, amathamangitsa mtima. Womwa amauma kukamwa, tulo osabwera, chilakolako cha chakudya chimathawa, mtima uli phaphapha. Ukadandaula kwa wogulitsa, amati ndiye kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito. Ena amaikamo mankhwala okodzetsa, ena otsegula m'mimba. Sindikunena kuti botolo lanulo muli zimenezi, ndi maso palibe angadziwe. Koma taonani nokha: palibe dzina la kampani lomveka, palibe adiresi, tsiku lothera mphamvu achita kumata kapepala pamwamba. Munthu wa BP kumeza chinthu chotere, achemwali, ayi.

Mwanena kuti mayi amene wakugulitsaniyo akuti n'zachilengedwe, zilibe vuto. Chinangwa chowawa n'chachilengedwenso, koma amayi ankachiviika masiku angapo asanasinje kondowole, ankadziwa kuti chosaviika chimapha. Kumera m'nthaka sikutanthauza kuti chinthu n'chofatsa. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kiliniki ina ya mu Brussels inkapereka makapisozi azitsamba ochepetsa thupi. Pogula zitsambazo panasokonekera, m'malo mwa chomera chomwe ankafuna munalowa china chotchedwa Aristolochia. Anthu oposa 100, ambiri amayi, impso zawo zinaonongeka, ambiri mpaka kufika pa dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, kapena kuikidwa impso ya munthu wina, ndipo ena pambuyo pake anapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko n'ku Ulaya, kwa madokotala ndi makina ambirimbiri. Kuno munthu wa ku Zomba impso zikakanika, ndiye kuti ulendo wa ku Queens ku Blantyre sabata ndi sabata, ndipo makina ake ndi owerengeka, odikira ndi ambiri. Mundiuze, thiransipoti yake tizisonkha pagulu lino mpaka liti? Ku America nakonso kunali chomera chotchedwa ephedra, chinkagulitsidwa kwambiri kwa ofuna kuonda, anachiletsa mu 2004 anthu atafa ndi mtima ndi sitiroko.

Za green tea ndinene bwino, kuti alamu asataye paketi yawo. Womwera m'kapu uja alibe vuto, imwani. Vuto ndi wa m'makapisozi, amene amachita kumufinya kuti mphamvu ya makapu ambirimbiri ilowe m'kambewu kamodzi. Bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linanena mu 2018 kuti chinthu cha mu green tea chotchedwa EGCG chikafika mamiligalamu 800 patsiku, zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi zimayamba kuoneka m'magazi mwa anthu ena. Kumwa pamimba yopanda kanthu, monga momwe ogulitsa amalangizira, ndiye koipitsitsa. Hydroxycut, yemwe anali wotchuka zedi ku America, anamuchotsa m'mashopu mu 2009 chifukwa cha nkhani yomweyi ya chiwindi. Chiwindi sichifuula msanga. Munthu amangomva kutopa, nseru, kenako maso achikasu, mkodzo wakuda. Pofika apo zinthu zapita patali.

Kuno kwathu amene amayang'anira mankhwala ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, omwe analowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Mukhoza kumufunsa mayiyo mwaulemu ngati katundu wake anadutsa kumeneko, ndipo akuonetseni pepala. Koma musakamuyalutse kutchalitchi, chonde. Ambiri ogulitsa zimenezi si anthu oipa. Naye anauzidwa zomwezo ndi amene anamulowetsa mu bizinesiyo, anaikamo mpamba wake, mwina wa ku banki m'khonde, ndipo katundu akapanda kuyenda ngongole ili pakhosi pake. Zithunzi za pa status zija za munthu wonenepa kumanzere, wowonda kumanja, nthawi zambiri nayenso anachita kutumiziridwa, mwini chithunzi sanamuonepo.

Poti gulu lonse likumva, ndinene izi osatchula munthu. Woyembekezera ndi woyamwitsa, zimenezi si zanu. Wa shuga amene ali pa mankhwala, kutsegula m'mimba pamodzi ndi kusadya kumagwetsa shuga mpaka kukomoka. Womwa mapiritsi olerera, kutsegula m'mimba kwamphamvu kumachepetsa mphamvu yake, mudzaona mimba ikukula m'malo mophwa. Amene ali pa ma ARV, musaonjezere chitsamba chilichonse osafunsa ku kiliniki kwanu, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwalawo. Ndikudziwanso kuti ena thupi linabwera atayamba jakisoni wa Depo, kapena atasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir. Zimachitikadi kwa ena. Koma musasiye mankhwala panokha, pitani mukakambirane ndi amene amakupatsaniwo.

Za madzi a ndimu ndi jinja zomwe azakhali amamwa m'mawa, komanso ufa wa cham'mwamba, amwe, palibe choipa. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino kwambiri. Kungoti sizisungunula mafuta. Ngati ndimuyo walowa m'malo mwa tiyi wa shuga masupuni anayi, chathandiza ndi shuga amene sanamwedweyo.

Ndiye tibwere kwa inu, achemwali. Sikelo yanu sinditchula pagulu, musaope. Koma munthu wa makilo 90 akataya makilo 5 okha, BP imatsika mooneka, shuga amakhala bwino, mawondo amapepuka. Theka la kilo pa sabata ndi liwiro labwino, ndipo kuchokera pano mpaka ukwati muli ndi miyezi iwiri, ndiye makilo 4 ndi otheka popanda kumeza chilichonse.

Ine ndimabwera kwanu, ndimaona komwe thupi likuchokera. Si nsima yokha ayi. Ndi tiyi wa kushopu kwanu kuja, katatu patsiku, shuga wothira ndi supuni yaikulu, mandasi awiri pambali. Ndi botolo la Fanta la masana chifukwa kwatentha. Botolo limodzi lagalasi la chakumwa chotere limakhala ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 8, pomwe a World Health Organization amati munthu wamkulu asapyole pafupifupi 12 tsiku lonse. Muonjezerepo Sobo wa madzulo ndi chipisi cha pachiwaya chomwe mumatuma mnyamata uja. Yambirani pamenepo. Shuga muzichepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera. Nsima musasiye, munthu wa Chimalawi akasiya nsima amapirira masiku owerengeka kenako amabwezera ndi chiwongola dzanja. Pomwe mumadya mitanda itatu idyani iwiri, ya mgaiwa ikapezeka, ndipo masamba achuluke kuposa nsimayo. Mumsika wa Zomba muno chosowa n'chiyani? Nkhwani, bonongwe, mpiru, therere, nyemba, nandolo, matemba a ku Chilwa. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osapendeketsa botolo. Mchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija muchepetse, BP yanu imadana nazo kuposa china chilichonse.

Kuyenda, mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata. Simukufunika kukwera mpaka ku Ku Chawe. Kuchokera kwanu ku Matawale kubwera m'tauni, tsikani njinga ya kabaza musanafike, kotsalako muyende wapansi, m'mawa dzuwa lisanakwiye. Alamu a ku Chinamwali mungamaperekezane Loweruka, mukhale ndi wokukokani tsiku lomwe ulesi wagwira.

Anthu adzalankhula, zimenezo yembekezerani. Tinakula tikumva kuti mayi wonenepa ndiye akusungidwa bwino, ndipo ukatsika pang'ono amayamba kunong'onezana kuti akudwala. Omwewonso ndi amene akukutumizirani zithunzi za tiyi lero. Ndipo za diresi ya paukwati, telala uja akhoza kumasula m'mbali. Tsiku limenelo anthu adzakhala akuyang'ana mkwatibwi, inu ntchito yanu ndi kuvina ndi kufupa pa perekaniperekani.

Ngati alipo wina pagulu pano amene anayamba kale kumwa zoterezi, asiye lero. Akaona mtima ukuthamanga, chizungulire, kupweteka pachifuwa, maso achikasu, kapena mkodzo wachepa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo atenge botololo akaonetse adokotala, asachite manyazi.

Inu achemwali, Loweruka masana ndidutsa kwanu ndi makina a BP, mundisungire buku lanu la kuchipatala ndione zomwe analemba ulendo watha. Katoni ndi botolo musatsegule. Muimbireni mayiyo madzulo ano, mumuuze kuti mng'ono wanu wa kuchipatala wakukanizani chifukwa cha BP, mlandu uikeni pa ine. Mwina akubwezerani ndalama zanu poti katundu akadali womata. Minibasi yadzaza, ndikwere kaye.